MBIRI YA NYENYEZI ZOBISIKA M'PFUMBI

M'miyezi ya May ndi June, mvula itatha ndipo utsi wa moto wa m'chire usanayambe kuphimba thambo, munthu wa ku Wusakile kapena wa ku Chifubu akatalikirako pang'ono magetsi a m'misewu nayang'ana ca kumwera madzulo, amaona nyenyezi zinai zowala zimene Azungu amazicha Mtanda wa Kumwera. Pambali pace, m'kati mwa mzere woyera wa nyenyezi wodutsa thambo lonse, umene dzina lace ndi Mlalang'amba, pali banga lakuda bii, monga ngati nsaru inang'ambika pamenepo. Amalinyero a ku Ulaya analicha Thumba la Malasha, ndipo dzinali silingabvute munthu ali yense amene anaonapo sitima za malasha a ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange, zikukhuthula katundu wao pa ng'anjo ya ku Nkana.

Funso lakuti mabanga otere nciani linabvuta anzeru nthawi yaitali. William Herschel, katswiri wa nyenyezi wa ku England, ataona limodzi la iwo m'zaka za m'ma 1780, anayesa kuti wapeza cibowo m'thambo, malo opanda kanthu konse, ndipo ambiri anamtsata pa ganizoli zaka zoposa 100. Edward Barnard wa ku America anajambula zithunzi za mabanga ambiri, ndipo pamene anasindikiza mndandanda wa mabanga 182 m'caka ca 1919 anali atakhulupira kuti oculuka a iwo ndi mitambo yakuda yochinga nyenyezi za kuseri kwace. Mu 1930 Robert Trumpler anatsimikiza mlanduwo poonetsa kuti nyenyezi zakutali zimazirala koposa muyeso umene mtunda wokha ungazizirazitse, cifukwa njira yonse ya kuwala kwao ili ndi pfumbi. Thumba la Malasha ndi mtambo wa mpweya ndi pfumbi, ndipo lili kutali kotero kuti kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka ngati 600 kuti kufike kuno.

Pfumbi limeneli liyenera kufotokozedwa bwino, pakuti nkhani yonse yagona pa ilo. Timibulu tace ndi tating'ono koposa ta ufa wosefa; tilingana ndi ta utsi wa fodya. Tina ndi ta mwala wa mtundu wa mcenga, tina ndi ta mwaye. Amuna a pansi pa mgodi adziwa bwino mtundu woyambawo, popeza ndi mbale wace wa pfumbi lija lolowa m'mapapo a oboola miyala, limene limacititsa kuti aziitanidwa kukaunikidwa zifuwa ku Kitwe. M'mlengalenga ndi locepa ndithu: pa mapaundi 100 a mpweya woyandama pakati pa nyenyezi, pfumbi ndi paundi imodzi yokha. Koma mtunda ukatalika, locepalo limaunjikana, monga nkhungu ya m'dambo, imene siioneka pamphuno koma imabisa mtengo wa tsidya lija.

Tsono cobvuta ndi ici, cakuti nyenyezi zimabadwira m'mitambo yomweyi. Mpweya umakokana wokha, nuunjikana, nufinyana mpaka pakati pace payaka moto, ndipo motowo ndiwo nyenyezi yatsopano. Mwana wobadwa kumene kumudzi amayamba wakhala m'cikuta, anthu akunja osamuona kufikira tsiku lotuluka. Nyenyezi nazo zili ndi cikuta cao, ndico pfumbili. Kuwala kwao sikutuluka. Pfumbi limakumeza, nilifundako pang'ono. Kufunda kwace ndi kwa dzina cabe, pakuti limakhalabe lozizira madigiri ngati 240 kunsi kwa pamene madzi amaundana, komabe mphamvu imene lamezayo limaibweza ngati mafunde ena amene diso la munthu silingaone. Amene angathe kugwira mafunde amenewo angadziwe za m'cikuta osalowamo.

Cooneka pamwamba cimanamiza

Anthu a m'migodi safunika kuphunzitsidwa zimenezi, popeza mbiri ya matauni ao inayamba comweco. Makolo a dziko lino anali kukumba miyala yobiriwira nasungunula mkuwa zaka mazana ambiri Mzungu asanafike. M'caka ca 1902 William Collier anapeza Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ndipo mbiri imati caka comweco anaombera cilembwe m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya, nyamayo nigwera pa mwala wokhala ndi mawanga a mkuwa. Koma miyala ya pamwambayo inali yosauka poilinganiza ndi ya ku Katanga, ndiponso yobvuta kuyenga, kotero kuti kwa zaka 20 eni ndalama a ku London anayesa dera lino lacabe. Zinthu zinasintha mu 1923, pamene makampani akulu anapatsidwa madera akulu-akulu kuti awafufuze onse. Magulu a opima ndi amtengatenga ao anayenda m'chire m'mizere yoongoka, mzere uwu pambali pa unzace, kulemba mwala uli wonse ndi malo ali onse oyera pamene mitengo inakana kumera. Mu 1926 Russell Parker anazamitsa maenje akale a ku Roan Antelope, napeza kuti kunsi kwa miyala yobiriwira kuli mwala wa mtundu wina, wosakanizika ndi sulufule, wosabvuta kuyenga, ndipo makina oboola anaonetsa kuti ndi woculuka zedi. Roan Antelope inayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana inatsatira posacedwa, Mufulira mu 1933, Nchanga mu 1939. Cuma cinalipo kale lonse. Cimene cinasowa ndi makina ofika pansi, ndi khama lopima dziko lonse m'malo moyembekeza mwai wa mlenje.

Akatswiri a nyenyezi anayenda njira yonga yomweyi. M'zaka za m'ma 1920 Edwin Hubble anaonetsa kuti Mlalang'amba uno suli wokha, kuti kunja kwace kuli milalang'amba ina yosawerengeka, uli wonse ndi nyenyezi zace mamiliyoni zikwi-zikwi, ndipo mu 1929 anaonetsanso kuti ikutalikirana, ndiko kunena kuti cilengedwe conse cikufutukuka. Kuyambira pamenepo anamanga matelesikopu a magalasi akulu nawerenga zonse zowala. Popeza kuwala kumacedwa m'njira, kuyang'ana kutali kuli ngati kukumba pansi: mlalang'amba wakutali umaoneka monga unalili kale-kale, ndipo wakutali koposa ndiwo wakale koposa. Anayesa kuti mwa njira imeneyi adzalemba mbiri yonse ya kubadwa kwa nyenyezi. Koma magalasi amaona miyala ya pamwamba yokha.

Mafunde a pakati

Omvera amene anagulapo wailesi ya Saucepan Special, ija inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa £5 mwa khama la Harry Franklin, akumbuka kuti Lusaka anali kumfuna pa mamita akuti-akuti. Mamita amenewo ndi utali wa funde limodzi. Kuwala kwa dzuwa nako ndi mafunde a mtundu womwewo, koma afupi kwambiri, kotero kuti mafunde ngati 2,000 angalowe m'milimita imodzi, imene ndi kunenepa kwa cikhadabo cokhuthala. Pakati pa awiriwa pali mafunde ena ambiri. Herschel yemwe uja ndiye anapeza oyamba mu 1800, pamene anamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi naika coyezera kutentha kupitirira mtundu wofiira, pamene panalibe cooneka, coyezeraco nicikwera. Jagadish Chandra Bose wa ku Calcutta, m'dziko la India, anali kupanga ndi kugwira mafunde a mamilimita owerengeka m'zaka za m'ma 1890, wailesi isanalowe m'nyumba ya munthu ali yense. Ndipo mu 1932 Karl Jansky, wogwira nchito ku kampani ya telefoni ya Bell ku America, potumidwa kufufuza gwero la phokoso losokoneza mauthenga, anapeza kuti mbali ina ya phokosolo, pa mamita 14.6, icokera kumwamba. Caka cotsatira analengeza kuti icokera ca pakati pa Mlalang'amba.

Mafunde a pfumbi lozizira ali pamalo obvuta koposa onse: atalika kwambiri kwa galasi la zithunzi, afupika kwambiri kwa wailesi wamba. Ndiponso ali ndi mdani, ndiye cinyezi ca mumpweya, cimene cimawameza asanafike pansi. Ici ndico cifukwa cace nchito imeneyi singacitike ku Kitwe kapena ku Ndola, ngakhale matauniwa ali pa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja; dziko la mvula yambiri ndi la cimanga ndi mitengo, koma kwa osaka mafundewa ndi ngati kuyang'ana m'madzi a matope. Iwo amafuna nsonga za mapiri ouma kumene munthu amapuma mobvutika.

Zida zinadza pang'ono-pang'ono. Mu 1961 Frank Low anapanga kacipangizo kochedwa bolometer, kacitsulo kakang'ono koziziritsidwa kwambiri, kamene kamasintha mayendedwe a magetsi kakangofundako pang'ono pokha. Mu 1970 Robert Wilson, Keith Jefferts ndi Arno Penzias anamva mafunde a mamilimita 2.6 kucokera ku mtambo wa m'gulu la nyenyezi la Orion, ndipo mwini mafundewo anali carbon monoxide, mpweya wakupha womwe uja umene umatsala m'mgodi akaphulitsa miyala. Mpweya umenewu udzaonekanso m'nkhani ino.

Kenaka zida zinakwezedwa pamwamba pa cinyezi conse. Mu January 1983 maiko a America, Holland ndi Britain anaponya m'mlengalenga telesikopu yochedwa IRAS, imene inapima pafupifupi thambo lonse kwa miyezi 10 kufikira mankhwala ace oziziritsa anatha. Inapeza milalang'amba ina yooneka wamba pa zithunzi, koma yotulutsa pafupifupi mphamvu yace yonse m'mafunde a pfumbi. Wochuka mwa iyo ndi Arp 220, umene ndi milalang'amba iwiri yogundana, pa mtunda wa zaka 250 miliyoni za ulendo wa kuwala. Ambiri anayesa kuti imeneyi ndi yapatali-patali, ngati mapasa m'mudzi. Koma mu 1996 Jean-Loup Puget wa ku France ndi anzace, posanthula zimene combo cina cochedwa COBE cinayeza, anapeza kuti thambo lonse lili ndi cifundizi ca mafunde a pfumbi, ndipo poonkhetsa zinaoneka kuti mphamvu yace ilingana ndi ya kuwala konse kooneka kwa milalang'amba yonse. Tanthauzo lace linali lowawa kwa anthu amene anathera moyo wao pa magalasi: pa kuwala konse kumene nyenyezi zatulutsa ciyambire, theka linamezedwa ndi pfumbi. Buku lao la mbiri linali ndi masamba theka okha, ndipo panalibe wodziwa kumene eni cifundizico ali.

Maola 50 pa phiri la Mauna Kea

Yankho linacokera ku cisumbu ca Hawaii. Pa phiri la Mauna Kea, mamita oposa 4,000 pamwamba pa nyanja, panatsegulidwa mu 1987 mbale yaikulu ya mamita 15 yochedwa James Clerk Maxwell Telescope. Kwa zaka zingapo inali ndi khutu limodzi lokha, lomva kadontho kamodzi ka thambo pa nthawi, ndipo kupima dera nalo kunali ngati kukolola munda wa mapira ndi singano. Koma ku Edinburgh, ku Scotland, anamanga cida cochedwa SCUBA, cokhala ndi makutu 37 omva mafunde a milimita 0.85 ndi ena 91 omva afupi, onse oziziritsidwa kufikira atatsala gawo limodzi la magawo khumi a digiri kuti afike pamene kuzizira kumathera. Cinayamba nchito mu 1997.

Caka comweco Ian Smail, Rob Ivison ndi Andrew Blain anacilozetsa ku magulu awiri a milalang'amba, napeza kuseri kwace madontho owala oculuka koposa amene akadapezeka cikhala kuti cilengedwe cakale cinali ngati ca lero. Mu 1998 David Hughes ndi anzace anasankha malo odziwika koposa onse. Mu December 1995 telesikopu ya Hubble, youluka m'mlengalenga, inayang'ana masiku 10 pa kadera kakang'ono ka kumpoto, kamene kwa anthu a ku Kitwe kamangokwera pang'ono pamwamba pa mitengo, nijambula milalang'amba ngati 3,000 m'malo ocepa kwambiri poyerekeza ndi nkhope ya mwezi. Cithunzi cimeneco cinayesedwa cozama koposa zonse zimene munthu anajambulapo. A Hughes anamvetsera pamalo omwewo maola ngati 50, napeza madontho asanu. Asanu okha pakati pa 3,000. Koma mphamvu yao inaonetsa kuti akubala nyenyezi molingana, kapena koposa, ndi milalang'amba yonse yakutali ya pacithunzi cija pamodzi. Mlalang'amba uno umabala nyenyezi imodzi kapena ziwiri za msinkhu wa dzuwa pa caka. Ina ya yobisikayi imabala mazana, ina kufika 1,000. Amy Barger ndi gulu lace anapeza zofanana m'madera ena caka comweco.

Pali cinthu cina codabwitsa cimene cinathandiza, ndipo ciyenera kumvedwa modekha. Nyali ya njinga ikamka kutali imazirala. Cimeneci ndi cidziwikire. Koma pa mafunde a milimita imodzi milalang'amba ya pfumbi simvera lamuloli. Pfumbi limawala kwambiri pa mafunde a gawo limodzi la magawo khumi a milimita, ndipo pa milimita yathunthu limawala mofooka. Tsono popeza cilengedwe cikufutukuka, mafunde amatanuka m'njira ngati mphira, ndipo ocokera kutali ndiwo amatanuka kwambiri. Cotero mlalang'amba ukakhala kutali, mafunde ace amphamvu aja amafika kuno atatanukira pafupi ndi milimita, pamene cida cikumvetsera, ndipo cimene mtunda walanda kutanukako kumabweza. Mlalang'amba umene kuwala kwace kwayenda zaka 8 biliyoni ndi wina wa zaka 13 biliyoni angaoneke owala cimodzimodzi. Biliyoni imodzi ndi mamiliyoni 1,000, ndipo cilengedwe conse cili ndi zaka ngati 13.8 biliyoni, cotero cida cimodzi cimafika pafupi ndi ciyambi ca zonse mosaonjezera mphamvu.

Koma mwai umenewu unali ndi mcira wace. Ngati wapafupi ndi wakutali awala mofanana, munthu adzadziwa bwanji mtunda? Ndiponso mbale ya mamita 15 imaona mafundewa mwa cimbuuzi: dontho liri lonse linali lotambalala, lophimba milalang'amba ingapo ya pacithunzi ca Hubble, osadziwika mwini wace. Scott Chapman ndi anzace anazungulira bvutoli mwa kufuna malo eni-eni ndi mbale za wailesi, kenaka ndi kuyeza mtunda ndi magalasi akulu a Keck pa phiri lomwelo, ndipo mu 2005 anasindikiza mitunda ya milalang'amba 73. Yambiri inali ya zaka 10 kapena 11 biliyoni zapitazo, dzuwa ndi dziko lapansi zisanakhaleko.

Dontho lowala koposa la a Hughes, lochedwa HDF 850.1, linakana zaka 14. Pamalo pace pa cithunzi ca Hubble panalibe cooneka coyenera, ndipo mlalang'amba wina wapafupi woima kutsogolo kwace unasokeretsa ofufuza kangapo. Analigonjetsa ndi mpweya wa m'mgodi uja. Carbon monoxide ali ndi malo ace odziwika pa mafunde, monga nyumba ya wailesi ili ndi mamita ace, ndipo munthu akampeza atasunthira kwina angawerenge kuti mafunde atanuka motani, potero nadziwa mtunda. Mu 2012 Fabian Walter ndi anzace, ndi mbale za pa Plateau de Bure m'mapiri a ku France, anapeza kuti mafunde a HDF 850.1 atanuka koposa kasanu ndi kamodzi. Kuwala kwace kunanyamuka zaka zoposa 12 biliyoni zapitazo, cilengedwe cili ndi zaka ngati biliyoni imodzi yokha. Nyenyezi zace zeni-zeni zinadzaoneka mu 2023, pamene telesikopu ya James Webb inaona kuwala pang'ono kodontha m'ming'alu ya pfumbi.

Kupima thambo m'mizere

Madera a SCUBA anali ngati maenje a Collier, akuya koma owerengeka. Kupima kwa mizere kunadza ndi zida zina. Pa nsonga ya kumwera kwa dziko lapansi, pamwamba pa madzi oundana a mamita ngati 2,800, pamene mpweya ndi wouma koposa wa m'cipululu ndipo dzuwa limalowa kamodzi pa caka, anamanga mbale ya mamita 10 yochedwa South Pole Telescope, niyamba nchito mu February 2007. Pofika 2011 inali itapima gawo limodzi la magawo 16 a thambo lonse pa mafunde a mamilimita 1.4, 2 ndi 3. Eni ace sanali kufuna pfumbi konse. Anali kuyeza cifundizi cotsala ca ciyambi ca cilengedwe. Koma monga ofuna mkuwa ku Nkana anapezanso kobalti m'mwala womwewo, iwo anapeza madontho owala modabwitsa, ndipo Joaquin Vieira anawasonkhanitsa. Panthawi yomweyo, kuyambira 2009 kufikira 2013, telesikopu ina ya m'mlengalenga yochedwa ndi dzina la Herschel inapeza milalang'amba ya pfumbi zikwi mazana.

Madontho a ku South Pole anawala cotero cifukwa ca cinthu cimene Albert Einstein ananeneratu, kuti cinthu colemera cimapinda njira ya kuwala. Mau acewo anayesedwa koyamba pa kadamsana wa pa 29 May 1919, ndipo limodzi la magulu oyesawo linali pa cisumbu ca Principe, kugombe la kumadzulo kwa Afrika. Mlalang'amba wapafupi ukaima ndendende kutsogolo kwa wakutali, umacita ngati galasi lokuza, nuwalitsa wakumbuyoyo kakhumi kapena kuposa. Milalang'amba 81 ya mtundu umenewu inayezedwa mitunda, ndipo wakutali koposa, SPT0311-58, ukuoneka monga unalili cilengedwe cili ndi zaka 780 miliyoni.

Cida cimene cinathetsa cimbuuzi cili m'dziko limene anthu a m'migodi amalidziwa pa mitengo ya mkuwa, ndilo Chile. M'cipululu ca Atacama, comwe muli mgodi waukulu wa Chuquicamata, pa cidikha ca Chajnantor, mamita 5,000 pamwamba pa nyanja, maiko a ku Ulaya, North America ndi kum'mawa kwa Asia anaika mbale 66 zogwira nchito ngati diso limodzi, zimene zingamwazidwe kufikira makilomita 16. Dzina lace ndi ALMA, ndipo inatsegulidwa pa 13 March 2013. Anchito a kumeneko amanyamula mpweya wopuma m'mabotolo. Ndipo mwina a Union angakonde kumva kuti mu August caka comweco anchito a ku Chile ananyanyala koposa masabata awiri pa nkhani ya malipiro ndi kabvutidwe ka pamalo okwerawo, mbale zonse nizileka kumvetsera. Nchito imene inatenga zaka 14 pa HDF 850.1, ALMA inayamba kuicita m'mphindi zowerengeka: mu 2013 inaloza malo eni-eni a milalang'amba yoposa 100, mphindi ngati ziwiri pa uli wonse. Inaululanso colakwa ca zida zakale, pakuti madontho ambiri amene anayesedwa mlalang'amba umodzi wamphamvu anapezeka kuti ndi iwiri kapena itatu yoyandikana, ndipo ziwerengero zina zodzitamandira zinatsitsidwa.

Mlalang'amba wobala nyenyezi 1,000 pa caka sungapitirize nthawi yaitali, popeza mpweya wace umatha m'zaka mamiliyoni mazana owerengeka, monga mgodi wokumbidwa usana ndi usiku. Akatswiri ambiri akhulupira kuti yobisikayi ndiyo makolo a milalang'amba yaikulu yobulungira ya masiku ano, yodzala ndi nyenyezi zokalamba, imene inaleka kubala kale-kale. Funso limene likubvutabe ndi lakuti pfumbi loculuka cotero linacokera kuti msanga-msanga, popeza pfumbi limapangidwa ndi nyenyezi zimene zafa kapena zili kufa. Mbali ya yankho inaoneka kumwamba kwa dziko lino lomwe. Mu February 1987 nyenyezi ina yaikulu inaphulika mu Mtambo Waukulu wa Magellan, kamtambo koyera kaja kooneka kumwera, ndipo inaoneka ndi maso. Mu 2011 telesikopu ya Herschel inapeza m'zotsala zace pfumbi lolemera ngati theka la dzuwa, ALMA nilijambula pambuyo pace. Nyenyezi zazikulu zotere, zokhala moyo waufupi, ndizonso ng'anjo zimene munapangidwa mbali yaikulu ya mkuwa. Umene ukutuluka lero pa Mindola ndi pa Konkola unayengedwa koyamba m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe, numwazika pamodzi ndi pfumbi.

Gawo la Afrika

Pa nchito yonseyi Afrika anali woonerera cabe kwa nthawi yaitali, ndipo sikuthandiza kubisa. Zinthu zinayamba kusuntha pa 25 May 2012, pamene kunagamulidwa kuti telesikopu yaikulu ya wailesi yochedwa Square Kilometre Array idzagawidwa pakati pa South Africa ndi Australia, ndipo Zambia anali mmodzi wa maiko 8 a mu Afrika ogwirizana ndi South Africa pa pempholi. Mu 2018 mbale 64 za MeerKAT zinatsegulidwa m'cipululu ca Karoo. Izo zimamva mafunde otalikirapo, a masentimita, koma mafunde amenewo napyola pfumbi, ndipo kunadziwika kale kuti mlalang'amba wobala nyenyezi zambiri umacita phokoso la wailesi molingana ndi kuwala kwa pfumbi lace. Ndiyo njira ija a Chapman anagwiritsa. Ku Ghana anasandutsa mbale yakale ya matelefoni ya mamita 32 ku Kuntunse kukhala telesikopu mu 2017. Ku Namibia, Yunivesite ya Namibia ndi ya Radboud ya ku Holland zinapangana zomanga mbale yoyamba ya mafunde a milimita mu Afrika, ndipo malo amene anawaloza ndi phiri louma la Gamsberg, la mamita oposa 2,300. Colinga cace cacikulu ndi kuthandiza kujambula maenje akuda a pakati pa milalang'amba.

Ku Kitwe nako kuli kanthu. Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, caka comwe cija nyenyezi inaphulika ndi mbale ya ku Mauna Kea inatsegulidwa, inasankhidwa mu 2014 ndi bungwe la akatswiri a nyenyezi a dziko lonse lapansi, International Astronomical Union, kuti isunge ofesi ya kumwera kwa Afrika yofalitsa maphunzirowa. Kuyambira 2015 acinyamata a m'Zambia analowa m'maphunziro a DARA, otsogoleredwa ndi Yunivesite ya Leeds ya ku England pamodzi ndi a ku South Africa, kumene anaphunzira kuyendetsa mbale za wailesi ndi kusanthula zimene zamva, ndipo ena anapitirira ku maphunziro apamwamba kunja. Mbale ya milimita siidzaima ku Riverside, cifukwa ca cinyezi ca Kafue ndi mvula ya December. Koma lamulo la ALMA ndi lakuti zimene gulu la akatswiri lapempha kuyeza zimakhala zao caka cimodzi cokha, ndipo cakaco cikatha zimaikidwa m'nkhokwe yotseguka pa intaneti, momwe wophunzira wa ku Kitwe angazitape ndi kompyuta yace mofanana ndi wa ku Edinburgh. M'nkhokwemo muli kale milalang'amba ya pfumbi yambiri imene inangolowa m'mphepete mwa zithunzi, eni zithunziwo akufuna cinthu cina.